Kadamsana ndi Mangawa a Munthu Wodziwa

Mau akuti kadamsana amadzimasulira okha. Ndiko kuda kwa masana. Dzuwa lili m'mwamba, mtambo palibe, koma kuwala kuyamba kucepa ngati nyali imene yatha parafini. Mphepo izizira. Nkhuku zilowa m'khola, mbalame zileka kulira, ndipo munthu amene ali kumunda aimika khasu nayang'ana kumwamba. Mwezi nawonso uli ndi kadamsana wace. Usiku umene uyenera kuwala kwambiri, mwezi uyamba kudyeka mbali imodzi, ndipo pomaliza ufiira ngati dothi la katondo.

Lero kuli anthu amene adziwa cifukwa ca zimenezi. Adziwanso tsiku ndi ora limene zidzacitike, ngakhale kutatsala zaka zana. Funso lathu m'nkhani ino lili pa anthu amenewo. Kodi munthu wodziwa acite nazo ciani nzeru zace pakati pa anzace amene sadziwa? Kodi ali ndi mangawa kwa iwo, kapena nzeruzo ndi cuma cace, ngati mbuzi ya m'khola mwace? Funso ili likhudza ife amene tiphunzitsa sukulu ya akulu kuno ku Kalomwe. Likhudza mwana wa sekondale amene abwera kuchuthi kucokera ku Ulongwe. Likhudzanso inu amene mwayamba kuwerenga caka cino, cifukwa mukatha nkhani ino mudzakhala m'gulu la odziwa.

Tiyeni tione poyamba mmene kadamsana amacitikira.

Dzuwa lili ndi moto wace. Dziko lathu lilibe kuwala kwace, mwezinso ulibe. Mwezi umawala monga limawalira lata la padenga dzuwa likaliomba. Dziko ndi lobulungira ngati lalanje, ndipo limazungulira dzuwa kamodzi pa caka. Mwezi umazungulira dziko. Kucokera pamene wakhala kufikira udzakhalenso, papita masiku 29 ndi theka. Tsono cinthu ciliconse cimene ciombedwa ndi kuwala cimakhala ndi mthunzi kumbuyo kwace. Mtengo uli ndi mthunzi. Phiri la Dedza lili ndi mthunzi. Dziko ndi mwezi zilinso ndi mithunzi yao, yaitali, yosongoka ngati denga la nkhokwe, yoloza kutali ndi dzuwa. Nkhani yonse ya kadamsana ili pa mithunzi iwiri imeneyi.

Mwezi ukalowa pakati pa dzuwa ndi dziko, umachinga dzuwa, ndipo mthunzi wace umagwa pa dziko. Anthu amene ali mumthunzimo amaona kadamsana wa dzuwa. Dzuwalo silinadwale, silinacepe. Laphimbika cabe, monga mmene mumaliphimbira ndi cikhatho poyang'ana munthu amene akubwera kutali. Dziko likalowa pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wa dziko umagwa pa mwezi. Ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi.

Izi mungathe kuziyesa kunyumba usiku uno. Yatsani nyali, muiike pa tebulo kapena pa mtondo. Nyaliyo ndi dzuwa. Mutu wanu ndi dziko. Bayani ndimu ku kamtengo, muligwire patsogolo panu mutatambasula mkono. Ndimuyo ndi mwezi. Yang'anani kunyali, mutsinzine diso limodzi, ndi kuika ndimu pakati pa diso lanu ndi lawi. Lawi libisika, ndipo mnzanu aona kamthunzi pa nkhope yanu. Tsopano tembenukani pang'onopang'ono mpaka nyali ikhale kumbuyo kwanu. Mukakweza mkono, ndimu iwala yonse ngati mwezi wathunthu. Mukautsitsa pang'ono, ndimu ilowa mumthunzi wa mutu wanu, ndipo ida.

Mukacita zimenezi muona cinthu cina. Kadamsana wa dzuwa angabwere pokhapokha mwezi uli kumdima, cifukwa ndi pamene uli mbali imodzi ndi dzuwa. Kadamsana wa mwezi angabwere pokhapokha mwezi uli wathunthu, utuluka kum'mawa pamene dzuwa likulowa kumadzulo. Sizinacitikepo kuti mwezi wa masiku asanu ufiire ndi kadamsana, ndipo sizidzacitika.

Wina afunsa: ngati mwezi upita kumdima mwezi ndi mwezi, bwanji kadamsana sabwera mwezi ndi mwezi? Funso ili ndi labwino, ndipo m'kalasi mwathu sililephera kufunsidwa. Yankho lace ndi lakuti njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono, madigiri 5, poyerekeza ndi njira imene dzuwa limaoneka kuti likuyendamo. Tengani malicero awiri, mulowetse lina m'linzace, koma lam'katilo mulipendeketse. Milomo yao ikumana malo awiri okha. Kwina konse wina uli pamwamba, wina pansi. Mwezinso nthawi zambiri umadutsa pamwamba pa dzuwa kapena pansi pace, ndipo mthunzi wace umaphonya dziko. Zitatuzi zimaima pa mzere umodzi pokhapokha mwezi ukafika pamene njira ziwirizo zikumana, ndipo nyengo yotere imabwera kamodzi pa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Palibe caka cimene cimatha popanda kadamsana wa dzuwa kawiri pena pace pa dziko lapansi.

Nanga bwanji ife timamuona kamodzikamodzi? Cifukwa mthunzi wa mwezi pofika pansi pano wasongoka kale. Kumene kumada bii ndi kampata kopapatiza, kawirikawiri kosafika makilomita 300 m'lifupi mwace, ndipo mthunziwo umathamanga kuposa ndege. Mdima wace sungapitirire mphindi 7 ndi theka pa malo amodzi. Amene ali m'mbali mwa kampatako amaona dzuwa litadyeka mbali cabe. Koma kadamsana wa mwezi amaonedwa ndi aliyense amene kwao kuli usiku, cifukwa mthunzi wa dziko ndi waukulu ndipo mwezi uli poyera.

Mwezi ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi dzuwa. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi maulendo 400 m'lifupi mwace. Koma lilinso kutali maulendo pafupifupi 400. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000, dzuwa pa makilomita 150 miliyoni. Cifukwa cace m'maso mwathu zimaoneka zofanana, monga mmene cala canu cingabisire phiri lonse la Domwe mukaciika pafupi ndi diso. Nthawi zina mwezi umakhala patali pang'ono, ndipo sutha kuphimba dzuwa lonse. Pamatsala mkombero wa moto ngati cibangiri. Zotere zinaoneka kumpoto kwa dziko lathu, ku Cabo Delgado, pa 1 Seputembala 2016.

Kufiira kwa mwezi ndiko kumaopsa anthu koposa, cifukwa kumakumbutsa magazi. Koma kufiirako mumakuona tsiku ndi tsiku. Dzuwa polowa limafiira cifukwa kuwala kwace kumadutsa mumpweya wocuruka, ndipo kumene kumapyola ndi kofiira. Pa nthawi ya kadamsana, kuwala kofiira komweko kumakhota podutsa mumpweya umene wakuta dziko, ndi kukagwa pa mwezi. Ambiri a inu munaziona pa 27 Julayi 2018, pamene mwezi unakhala wonse mumthunzi ora limodzi ndi mphindi 43, ndiponso madzulo a pa 7 Seputembala 2025. Mukadzaonanso, mudzayang'ane m'mphepete mwa mthunziwo pamene ukukwera pa mwezi. Nthawi zonse ndi wokhota. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaona kukhota kumeneku nati ndi umboni wakuti dziko ndi lobulungira. Analibe makina. Anali ndi maso ngati anuwa.

Popeza dzuwa, dziko ndi mwezi zimayenda mosaphonya, kadamsana amabwereza. Pakapita zaka 18 ndi masiku 10 kapena 11, kuonjezapo maora 8, zitatuzi zimabwerera pafupifupi pamene zinali. Akuluakulu a m'kalasi mwathu amakumbukira tsiku la 21 Juni 2001, pamene ena a ife aphunzitsi tinali kumsana ndipo ena tisanabadwe. Tsiku limenelo mthunzi wa mwezi unalowa mu Afrika ku Angola, unadutsa pa Lusaka, kumpoto kwa Zimbabwe ndi m'cigwa ca Zambezi m'dziko lathu lino, nupita ku Madagascar. Ku Lusaka kunada mphindi zitatu ndi pang'ono. Kuno kumapiri dzuwa linatsala kacigamba ngati mwezi wongokhala kumene. Bwererani m'mbuyo zaka 18 ndi masiku 10: pa 11 Juni 1983 kunada masana ku Java, m'dziko la Indonesia. Pitani patsogolo zaka 18 ndi masiku 11: pa 2 Julayi 2019 kunada ku Chile ndi ku Argentina. Malo amasintha cifukwa ca maora 8 aja, pakuti m'maora amenewo dziko limakhala litatembenuka gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene mwaphunzira kuonkhetsa, pezani caka cotsatira. Mupeza 2037, ndipo pa 13 Julayi caka cimeneco kudzada ku Australia.

Izi ndizo nzeru zimene tikunena. Si zovuta. Munthu angazimve madzulo amodzi. Tsopano tibwerere ku funso lathu: amene wazimva acite nazo ciani?

Alipo amene anazisandutsa cikoti. M'caka ca 1503 Christopher Columbus, woyenda panyanja wotumidwa ndi mafumu a ku Spain, anatsakamira pa cisumbu ca Jamaica zombo zace zitaonongeka. Eni dziko anamudyetsa iye ndi anthu ace miyezi yambiri. Atatopa ndi nkhanza ndi cinyengo ca alendowo, analeka kubweretsa cakudya. Columbus anali ndi buku la akatswiri a nyenyezi, ndipo anapezamo kuti usiku wa pa 29 Febuluwale 1504 kudzakhala kadamsana wa mwezi. Anaitana mafumu a pa cisumbupo nawauza kuti Mulungu wace wakwiya, ndipo adzaonetsa mkwiyowo pa mwezi. Mwezi utada ndi kufiira, anthu anathamanga ndi zakudya akulira. Iye anadikira m'combo akuwerenga nthawi, ndipo mthunzi utatsala pang'ono kucoka anatuluka nati wawapepesera.

Nkhani iyi ena amaikamba moseka, ngati ya Kalulu ndi Njovu. Ife sitiseka. Columbus sananame za tsiku, ndipo sananame za ora. Bodza lace linali pa cifukwa. Anadziwa kuti ndi mthunzi, koma anati ndi mkwiyo. Akanawaonetsa bukulo ndi kuwafotokozera, mphamvu yace ikanatha pomwepo. Mphamvuyo inali m'kusadziwa kwa anzace, ndipo kuti aisunge anayenera kusunga kusadziwako. Inu amene munagulitsapo fodya kapena kacewere kwa munthu amene sikelo amawerenga yekha, ataitembenuzira kwa iye, mukudziwa mtundu wa mphamvu imeneyi. Amaidziwanso mai amene ankapita ndi kalata ya mwamuna wace wa ku Joni kwa munthu wina kuti amuwerengere, osadziwa ngati mau onse awerengedwa.

Tisaganize kuti kudziwa kuwerenga masiku kumacotsa mantha pakokha. Ku Mesopotamia, kumene lero kuli dziko la Iraq, akatswiri ankalemba za kadamsana pa mapale a dothi kwa zaka mazana ambiri, ndipo ndi kumeneko kumene anazindikira kubwereza kwa zaka 18 kuja. Koma m'dera lomwelo, mafumu a Asuri akauzidwa ndi akatswiri ao kuti kadamsana walosera imfa ya mfumu, ankatenga munthu wina namukhazika pa mpando wacifumu. Mfumu yeniyeni inkabisala. Pakutha pa masiku oikika, osapitirira 100, munthu uja ankaphedwa kuti tsoka lipite naye. Akatswiriwo anali odziwa kuwerenga kuposa aliyense m'dzikomo. Nzeru zao zinatsekeredwa m'nyumba ya mfumu, ndipo amene anafa anali munthu amene sanaloledwe kufunsa.

Alipo ena amene saopseza, koma amanyoza. Awa ndiwo ambiri pakati pathu. Mnyamata waphunzira za mithunzi ku sukulu. Mwezi ukafiira, agogo ace aitana ana kuti alowe m'nyumba, ndipo iye aseka nati: "Agogo, zimenezo ndi za umbuli." Zimene wanena za mthunzi ndi zoona. Koma agogo aja sanaphunzirepo kanthu, angodziwa kuti mdzukulu wao amawayesa citsiru. Mawa akadzamva kuti kuli sukulu ya akulu, sadzabwera. Ife amene timayenda khomo ndi khomo kulemba maina a ofuna kuphunzira tikudziwa kuti cimene cimaletsa akulu ambiri ndi kuopa kusekedwa ndi ana, osati ulesi ai.

Ndipo mnyamatayo sadziwa zimene agogo ace adziwa. Iye akafunsidwa kuti mwezi uli pati lero, ayang'ana pa foni. Agogo amadziwa osayang'ana. Amadziwa kuti kwatsala masiku angati kuti upite kumdima, cifukwa moyo wao wonse awerengera miyezi kubzala, zinamwali, gule ndi pakati pa amai. Afunseni za kadamsana wa mwezi amene anamuonapo, ngati mwezi unali wathunthu kapena ai. Adzaganiza pang'ono, nadzati unali wathunthu. Theka la phunziro lathu ali nalo kale m'mutu. Cimene cikusowa ndi nyali ndi ndimu.

Mbiri ya dera lathu lino itiphunzitsa zomwezo. Angoni otsogozedwa ndi Zwangendaba, pothawa nkhondo za kumwera, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Analibe kalendala, ndipo palibe amene analemba. Koma ana ndi adzukulu ao anasunga mau akuti tsiku looloka kunada masana. Patapita zaka zambiri, olemba mbiri anatenga mau amenewa nawayerekeza ndi masamu a akatswiri a zakumwamba. Anapeza kuti kadamsana wa dzuwa anaonekadi m'dera limenelo mu Novembala 1835. Angoni a kwa Maseko, amene anadzakhazikika ku Domwe, amenenso dera la Angónia linatengerako dzina, anayenda ulendo wao paokha. Koma caka ca 1835 cakhala ngati cikhomo cimene olemba mbiri ya Angoni amayezerapo zaka zina. Taonani tsono. Wa masamu anali ndi tsiku, koma sanadziwe kuti pa tsikulo mtundu wa anthu unali pakati pa madzi ndi ng'ombe zao. Nkhalamba zinadziwa za kuolokako, koma zinalibe caka. Wa masamu akanaseka nthano ya nkhalamba, tsikulo likanatayika.

Pali njira yacitatu imene imaoneka yabwino, ndipo ndi imene ife aphunzitsi tiyenera kuiopa koposa. Munthu saopseza, sanyoza. Angoti: "Ndi mthunzi. Khulupirirani, cifukwa a sayansi atero." Ophunzira agwedeza mitu, alemba m'kope mau akuti mthunzi, ndipo kalasi itha mwamtendere. Koma casintha n'ciani? Dzulo ankati ndi tsoka cifukwa wamkulu wina anatero. Lero ati ndi mthunzi cifukwa wamkulu wina watero. Munthu wotere akadzakumana ndi wina wolankhula mokweza kuposa mphunzitsi, wonyamula buku lalikulu kuposa lathuli, adzatembenukanso. Adakali m'manja mwa aliyense amene ali ndi buku, monga anthu a ku Jamaica aja.

Nzeru za kadamsana zimasiyana ndi maula pa cinthu cimodzi: zimalola kuyesedwa. Woombeza akaphonya amapeza cifukwa cina, ndipo simungamugwire. Koma wa masamu akanena kuti tsiku lakuti, ora lakuti, wadzimangirira yekha. Aliyense angatuluke panja ndi kuona ngati wanama. Ngakhale akatswiri okhaokha sakhulupirirana pa ulemu. Albert Einstein atanena kuti kuwala kwa nyenyezi kumakhota podutsa pafupi ndi dzuwa, anzace sanangovomera. Anadikira kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, pamene nyenyezi zikanaoneka masana. Ena anapita ku Sobral, ku Brazil. Arthur Eddington anapita ku cisumbu ca Príncipe, cimene cinali m'manja mwa Apwitikizi. Anajambula, anayeza, ndipo anapeza kuti kuwalako kumakhotadi. Makina ace anawaimika m'munda wa koko wa Sundy. Minda ya pa zisumbu zimenezo inkalimidwa ndi anthu otengedwa ku Angola, ku Cabo Verde ndi kuno ku Mozambique. Mdima wa tsikulo unagwera onse pamodzi, mlendo wa makina ndi wonyamula dengu la koko, koma mmodzi yekha ndiye anali ndi mwai wodziwa cimene cinali kuyezedwa.

Tsono mangawa a munthu wodziwa, monga ife tionera, ndi kupereka njira yoyesera pamodzi ndi yankho. Apereke nyali ndi ndimu. Apereke zaka 18 ndi masiku 11 kuti mnzace aonkhetse yekha. Anene tsiku lisanafike, poyera, kuti akaphonya asekedwe. Mangawa awa ndi owawa kubweza, cifukwa amene wawabweza amataya ukulu wace. Wophunzira amene wayesa yekha safunanso mphunzitsi pa nkhani imeneyo, ndipo mawa angathe kumutsutsa.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yace yolimba, ndipo sitiyenera kuilambalala.

Amai ena a m'kalasi mwathu anatiuza kuti mwana wao anamwalira patangopita sabata kucokera pamene mwezi unafiira. Anayesa za nyali ndi ndimu pamodzi ndi anzao, ndipo anazimvetsa bwino. Pomaliza anati: "Aphunzitsi, za mthunzi ndamva. Koma mwana wanga anapita." Kodi tiwayankhe ciani? Mthunzi ufotokoza cifukwa cimene mwezi unafiirira. Sufotokoza cifukwa cimene mwana wao, osati wa wina, anafera. Funso laciwirili ndi lakale ngati anthu, ndipo masamu saliyankha. Munthu wodziwa ayenera kudziwanso pamene nzeru zace zilekezera. Pa maliro sitipita ndi ndimu.

Ngakhale zili conco, pali cimene tinganene, nthawi yace ikakwana. Usiku umenewo mwezi unafiira pa anthu onse a mu Afrika. M'midzi ina munali maliro sabata imeneyo, m'midzi ina munabadwa ana, kwina kunali ukwati. Sabata imene kulibe kadamsana maliro amakhalaponso. Mtima wa munthu umakumbukira zinthu ziwiri zikagwa pamodzi, ndipo umaiwala masabata onse amene cinagwa cimodzi cokha. Kadamsanayo anali atalembedwa kale m'mabuku mwanayo asanabadwe, amai acewo asanabadwe. Sanabwerere nyumba yao.

Ena ati: bwanji osangowasiya anthu ndi cikhulupiriro cao? Cipweteka yani? Atinso mantha amathandiza, pakuti ana amene atsekeredwa m'nyumba pa kadamsana wa dzuwa sapsa maso. Pamenepa pali coona. Kuyang'ana dzuwa kumaononga maso, ngakhale litaphimbika mbali yaikulu, ndipo diso silimva kuwawa pamene likupsa. Agogo amene amalowetsa ana m'nyumba amawateteza kuposa mnyamata amene awapatsa botolo lakuda kuti ayang'anire. Pa ici agogo apambana.

Koma mantha sakhala pamene tawaika. Munthu akakhulupirira kuti kumwamba kwalosera tsoka, tsokalo likafika amafuna amene walibweretsa. Ndipo tonse tikudziwa kumene cala cimaloza: kwa nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, imene ilibe ana aamuna oiteteza. Nkhuku ndi mbuzi zimapita kwa woombeza, ndipo mwana amene anafunika kupita kucipatala tsiku loyamba la malungo amapita tsiku lacinai. Ana tingathe kuwateteza maso powauza zoona, kuti dzuwa limaocha diso tsiku lililonse, la kadamsana ndi lopanda kadamsana lomwe. Koma nkhalamba ija sitingaiteteze ndi mantha, cifukwa manthawo ndiwo amaipereka. Cifukwa cace sitivomera kuti kukhala cete ndi ulemu. Wodziwa amene akhala cete kuti asakhumudwitse anthu wasiya mudzi m'manja mwa amene adzalankhule.

Si onse amene amaona tsoka pa kadamsana. Ena amapemphera cifukwa aona ukulu wa Namalenga, ndipo ndi iwo tilibe mlandu. Munthu angathe kudziwa mtunda wa mwezi mpaka kilomita yomaliza, nakhalabe ndi nthumanzi pamene nyenyezi zituluka masana. Akatswiri amene amawerenga masikuwa ndiwo amene amayenda maulendo ataliatali kuti akaime mumdima wa mphindi zitatu.

Popeza tanena kuti wodziwa anene tsiku lisanafike, nazi zathu. Zilembeni pa cikuto ca kope lanu, kapena pa khoma ndi khala. Pa 31 Disembala 2028, tsiku lomaliza la caka, mwezi udzakhala wathunthu. Dzuwa likadzangolowa, mudzayang'ane kum'mawa. Mwezi udzatuluka uli kale mumthunzi wa dziko, wofiira, ndipo pambuyo pace udzayamba kuyera mbali imodzi. Umenewu muuyang'ane ndi maso, palibe coopsa. Pa 25 Novembala 2030, m'mawa, mthunzi wa mwezi udzadutsa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Kuno ku Kalomwe sikudzada bii, koma dzuwa lidzadyeka mbali. Masiku onse awiriwa ali m'nyengo ya mvula, ndipo mitambo ingatibisire. Ikadzatero, mudzafunse abale amene ali ku Tete kapena ku Joni kuti kwao kwaoneka zotani.

Tsiku la dzuwalo musadzayang'ane kumwamba, ngakhale ndi magalasi akuda, botolo kapena galasi lofukizidwa ndi utsi. Tengani katoni, muiboole kabowo kakang'ono ndi msomali. Fulatirani dzuwa, mugwire katoniyo kuti kuwala kudutse pa kabowopo ndi kugwa pa pepala loyera pansi. Kadontho ka kuwalako kadzaoneka kodyeka monga dzuwa lomwe. Amene mulibe katoni, imani pansi pa mtengo wa masamba ambiri ndi kuyang'ana pansi. Timadontho ta kuwala timene timagwa pakati pa masamba tidzasanduka timiyezi tating'ono, mazanamazana, pa bwalo lonse. Mudzaitane agogo adzaone, ndipo mudzawafunse kuti mwezi uli pati tsiku limenelo.